Wodwala Amadziwika Kunyumba Kwake

Mayi aliyense amene amapita ndi mwana ku sikelo amadziwa kuti anamwino sakhutira ndi kulemera kwa mwana kwa tsiku limodzi lokha. Mwezi uno amalemba kadontho pa kadi, mwezi wamawa amalembanso kena, kufikira timadontho tija titapanga mzere. Mzere umenewu ndiwo umanena zoona. Ukamakwera, mwana akukula bwino. Ukaima kapena kuyamba kutsika, pali vuto, ngakhale mwanayo atakhala kuti akuseka ndi kusewera pa tsikulo.

Nzeru yomweyi ndiyo imene madokotala a ku Ulaya ndi ku America akuyesa kutsata posamalira anthu odwala matenda otchedwa multiple sclerosis, amene mwachidule amangoti MS. M'malo mwa kadi, iwo amapatsa odwala tizipangizo ting'onoting'ono tovala pamkono, m'chiuno kapena pamwendo, timene timalemba mmene wodwala akuyendera tsiku ndi tsiku ali kwawo. Ife tikuona kuti njira imeneyi ndi yabwino, chifukwa wodwala amadziwika kunyumba kwake. Koma tikuonanso kuti ubwino wake udzatha tsiku limene anthu adzaganize kuti kachipangizo kalowa m'malo mwa dokotala, mwa wachibale ndi mwa mawu a wodwala mwini. Tisanapereke zifukwa zathu, tiyeni tiyambe tawadziwa matendawo.

Kodi matenda a MS ndi otani?

Ubongo umalamulira ziwalo zonse potumiza mauthenga kudzera m'mitsempha imene imatsika m'kati mwa fupa la msana ndi kufalikira m'thupi lonse. Mitsempha imeneyi ndi yokutidwa ndi mafuta oyera otchedwa myelin, monga momwe waya wa magetsi amakutidwira ndi mphira. Pa matenda a MS, chitetezo cha m'thupi, chimene ntchito yake ndi kulimbana ndi tizilombo, chimasokonezeka ndi kuyamba kuononga chikuto chimenechi mu ubongo, mu msana ndi m'mitsempha ya maso. Pamalo poonongeka pamatsala zipsera zouma, ndipo uthenga ukafika pamenepo umachedwa kapena kuimiratu. Motero munthu amamva dzanzi, miyendo imafooka, amadzandira poyenda ngati waledzera, amaona mwachimbuuzi kapena kuona chinthu chimodzi ngati ziwiri, amatopa kwambiri popanda ntchito imene wagwira, ndipo ena amalephera kusunga mkodzo.

Dokotala wa ku France, Jean-Martin Charcot, ndiye adalongosola bwino matendawa mumzinda wa Paris m'chaka cha 1868. M'chaka cha 2020 bungwe la MS International Federation lidawerengera kuti pa dziko lonse pali odwala MS pafupifupi 2,800,000, ndipo mwa odwala atatu alionse awiri ndi akazi. Ambiri amayamba kudwala ali ndi zaka za pakati pa 20 ndi 40, pamene munthu ali pa msinkhu wolera ana ndi kugwira ntchito. Matendawa ndi ofala m'maiko ozizira monga Scotland, Canada, Sweden ndi Denmark. Si opatsirana. Mankhwala ochiziratu palibe, koma kuyambira m'chaka cha 1993 pali mankhwala ochepetsa ukali wake, ndipo m'chaka cha 2023 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la World Health Organisation lidaika atatu mwa mankhwalawa pa mndandanda wake wa mankhwala ofunika kwambiri.

Chovuta cha MS ndi khalidwe lake. Mwa odwala 100 alionse, pafupifupi 85 amayamba ndi matenda obwera ndi kupita: munthu amadwala masiku kapena masabata angapo, kenaka amapezako bwino kwa miyezi kapena zaka, ndipo matenda amadzabweranso mosayembekezeka. Akuluakulu adati chakudza sichiimba ng'oma. Pakapita zaka, odwala ambiri amayamba kufooka pang'onopang'ono, mwakachetechete, kotero kuti ngakhale wodwala mwini sangathe kuloza mwezi umene zinthu zidayamba kusintha. Kufooka kwakachetechete kumeneku ndiko kumavuta kukuona m'chipinda cha dokotala.

Ola limodzi pa chaka chonse

Odwala MS ambiri amaonana ndi dokotala wa mitsempha kamodzi kapena kawiri pa chaka. Chaka chili ndi maola 8,760. Ngati wodwala aonana ndi dokotala kawiri, ulendo uliwonse theka la ola, ndiye kuti dokotala waona ola limodzi lokha la moyo wa munthuyo, ndipo pa ola limenelo ayenera kugamula ngati mankhwala akugwira ntchito kapena ayi.

Pa nthawi yochepayi madokotala amagwiritsa ntchito miyeso yodziwika. Pali muyeso umene adakonza dokotala wa ku America, John Kurtzke, m'chaka cha 1983, umene umayamba pa 0 kulekeza pa 10. Pa nambala 6 munthu amafuna ndodo kuti ayende mamita 100, ndipo pa nambala 7 amadalira njinga ya olumala. Palinso kuyendetsa wodwala mtunda wa mafiti 25, amene ndi mamita osakwana 8, dokotala atagwira wotchi. Poyesa manja, wodwala amalowetsa timitengo 9 m'timabowo ndi kutitulutsanso msangamsanga. Miyeso imeneyi yathandiza kwa zaka zambiri ndipo sitikuinyoza, koma ili ndi malire ake.

Tonsefe timadziwa kuti nyumba imasesedwa bwino pa tsiku limene kukubwera alendo. Wodwala nayenso akafika pamaso pa dokotala amalimba mtima, amaongola msana ndi kuyenda bwino koposa mmene amayendera masiku onse. Pansi pa chipatala ndi posalala, mtunda ndi waufupi, ndipo palibe mwana womukoka chovala. Ofufuza adapeza kangapo konse kuti anthu amayenda mofulumira poyesedwa kuchipatala kusiyana ndi mmene amayendera kwawo. Ndiponso MS imasintha ndi nthawi ya tsiku. Munthu amene adayenda bwino m'mawa angathe kukoka mwendo madzulo. Thupi likatentha zizindikiro zimakula kwa kanthawi, monga adaonera dokotala wa maso wa ku Germany, Wilhelm Uhthoff, m'chaka cha 1890. Dokotala akafunsa kuti, "Mwakhala bwanji miyezi 6 yapitayi?" ndani wa ife amene angakumbukire bwino? Ambiri timangoyankha mwaulemu kuti, "Ndili bwinoko," ndipo nkhani imathera pomwepo.

Mmene tizipangizoti timagwirira ntchito

M'kati mwa kachipangizo muli kanthu kochepa koposa njere ya mpunga kamene kamamva kugwedezeka kulikonse. Ndi kanthu komweko kamene kamachititsa chithunzi kutembenuka pa foni yamakono mwini wake akaipendeketsa. Munthu akamayenda, thupi limagwedezeka mwa kayendedwe kake, ndipo kachipangizo kamalemba kugwedezekako kambirimbiri pa sekondi iliyonse. Kompyuta ikawerenga zimenezi imadziwa mapazi amene munthu waponda pa tsiku, liwiro lake, kutalika kwa phazi lililonse, mmene amapotolokera, mmene amatekesekera ataima, ndi maola amene wakhala pansi. Tizipangizo tina timazindikira munthu akagwa. Uthenga wonsewu umapita kuchipatala kudzera pa foni ndi intaneti, wodwala ali kwawo.

Njira zake zilipo zingapo. Ena amavala kachipangizo kooneka ngati wotchi. Kampani ya mankhwala ya Roche ya ku Switzerland idakonza pulogalamu ya pa foni yotchedwa Floodlight, imene idapempha odwala kujambula zithunzi ndi chala, kutsina tomato wooneka pagalasi la foni, ndi kuyenda mphindi 2 foni ili m'thumba. Akatswiri a pa sukulu ya ukachenjede ya Massachusetts Institute of Technology adakonza bokosi lopachika pakhoma limene limatumiza mafunde a wailesi m'nyumba ndi kuyeza liwiro la munthu popanda iye kuvala kanthu; m'chaka cha 2022 adafalitsa zimene adapeza poliyesa pa odwala matenda ena a ubongo otchedwa Parkinson.

Kodi zimenezi zimathandizadi? M'chaka cha 2019 ofufuza a pa University of California mumzinda wa San Francisco adafalitsa zotsatira za kafukufuku wa odwala MS 95 amene adapatsidwa kachipangizo ka Fitbit kovala pamkono kwa chaka chathunthu. Adapeza kuti odwala amene pachiyambi ankaponda mapazi osakwana 4,766 pa tsiku adali pa chiopsezo chachikulu kanayi chakuti ulumali wawo ukule m'chakacho poyerekeza ndi anzawo. Adapezanso kuti mapazi a odwala ena adapita nachepa ngakhale pamene muyeso wa kuchipatala udaonetsa kuti palibe chasintha. Kunena kwina, mzere wa kunyumba udatha kutsika pamene kadontho ka kuchipatala kadali pamalo pomwe paja.

Apa ndipo pagona phindu. Mtsempha ukafa subwereranso. Mankhwala a MS amateteza bwino chimene chatsala koposa kubweza chimene chatayika, choncho miyezi imene imadutsa dokotala asadadziwe kuti matenda akukula ndi miyezi yotayika. Komanso kugwa ndi vuto lalikulu, pakuti oposa theka la odwala MS amagwa kamodzi kapena koposa m'miyezi 6. Ngati mayendedwe ayamba kusintha, dokotala wolimbitsa mafupa ndi minofu angathe kumuphunzitsa wodwala zolimbitsa thupi kapena kumupatsa ndodo asadathyoke chiuno. Ndipo inu amene mumayenda mtunda wautali kuti mufike kuchipatala mukudziwa kuti ulendo umene wapewedwa popanda choipa ndi mpumulo waukulu kwa munthu wofooka miyendo.

Walira mvula walira matope

Ngakhale zili tero, amene akufuna njirayi ayenera kuvomera ndi mavuto ake omwe, ndipo mavutowo si ang'ono.

Loyamba ndi lakuti kachipangizo kamalakwa. Tizipangizo tambiri ta pamkono tidakonzedwa poganizira anthu amphamvu. Munthu akamayenda pang'onopang'ono, akamakoka phazi, kapena manja ake akagwira choyendera, kachipangizo kamadumpha mapazi ena osawawerenga. Motero kamalakwa kwambiri pa anthu omwe aja amene akufunika kuwayang'anira koposa.

Lachiwiri ndi lakuti nambala siinena chifukwa. Mapazi angachepe chifukwa matenda akula, koma angachepenso chifukwa kunja kwazizira, m'banja mwagwa maliro, ntchito yatha, mtima wasweka, kapena wodwala ali ndi matenda a m'chikhodzodzo amene amatha ndi mankhwala a masiku ochepa. Kandimverere adakanena za m'maluwa. Dokotala amene asintha mankhwala amphamvu chifukwa cha nambala yokha, osamufunsa wodwala, wakhulupirira mthenga amene sadamve nkhani yonse.

Lachitatu ndi lakuti MS simakhala m'miyendo mokha. Kachipangizo koyeza mayendedwe sikamva ululu, sikadziwa kuti diso lachita mdima, kuti munthu wayamba kuiwalaiwala, kapena kuti akuchita manyazi kutuluka m'nyumba chifukwa cha mkodzo. Munthu angathe kuponda mapazi okwanira koma moyo wake uli pa mavuto aakulu.

Lachinayi ndi chinsinsi. Kachipangizo kamene kamadziwa mayendedwe a munthu kamadziwanso nthawi imene amadzuka, kangati amapita kuchimbudzi usiku, ndi masiku amene sadagone kwawo. Bokosi la pakhoma limaonanso mayendedwe a mwamuna wake, ana ndi alendo, amene sadapemphedwe chilolezo. Uthenga wotere ukafika kwa bwana wa kuntchito kapena kwa kampani ya inshuwalansi ungathe kumuchotsetsa ntchito mayi wa zaka 35 amene akadatha kugwira ntchito zaka zina zambiri. Maiko a mu European Union ali ndi lamulo limene lidayamba kugwira ntchito m'chaka cha 2018 loteteza mwapadera uthenga wa zaumoyo, ndipo nkhani ngati imeneyi ikusonyeza chifukwa chake lamulo lotere lili lofunika.

Lachisanu ndi nkhawa. Pali anthu amene nambala imawalimbikitsa, koma palinso ena amene kuona mzere ukutsika m'mawa uliwonse kumawafooketsa koposa matenda enieniwo. Munthu ali ndi ufulu woiwalako matenda ake kwa tsiku limodzi.

Lotsiriza, ndipo kwa ife ndilo loopsa koposa, ndi ulesi. Nkosavuta kuti chipatala chopanikizika chinene kuti, "Uyu ali ndi kachipangizo, asabwere chaka chino," pamene palibe namwino amene wapatsidwa nthawi yowerenga uthengawo. Nkosavutanso kuti mwana wokhala kutali ayang'ane pa foni, aone kuti amayi ake ayenda lero, ndi kuleka kupita kukawaona. Kadi ya sikelo imene palibe woiwerenga siidapulumutsepo mwana.

Maganizo athu

Poyeza zonsezi, ife tikuti tizipangizoti tigwiritsidwe ntchito, koma pa mfundo zinayi. Wodwala avomere yekha atauzidwa zonse, ndipo akhale ndi ufulu wovula kachipangizo tsiku lililonse popanda kulandidwa chithandizo. Uthenga ukhale wa wodwala ndi dokotala wake basi, ndipo wodwalayo aziona yekha zimene zikulembedwa za iye. Pakhale munthu wodziwika kuchipatala amene ntchito yake ndi kuwerenga mzerewo, ndipo mzere ukatsika, choyamba chikhale kumuimbira foni wodwala ndi kumufunsa kuti, "Kwagwanji?" Pomaliza, masiku oonana ndi dokotala asachepetsedwe chifukwa cha kachipangizo pokhapokha wodwala atafuna yekha.

Ena adzati mfundo zimenezi zikuchotsa phindu la ndalama limene zipatala zimayembekezera. Mwina ndi zoona kuti ndalama zopulumutsidwa zidzachepa. Koma cholinga cha njirayi chiyenera kukhala kumudziwa bwino wodwala. Chipatala chimene chigula tizipangizo kuti chichepetse anamwino chidzakhala ndi manambala ambiri ndi odwala osungulumwa.

Nanga ife zikutikhudza bwanji?

Matenda a MS sapezeka kawirikawiri kuno kwathu, ndipo chiwerengero cha odwala odziwika mu Africa ndi chochepa koposa cha zigawo zina za dziko. Mbali ina ndi chifukwa chakuti matendawa ndi osowadi m'maiko otentha, koma mbali inanso ndi chifukwa chakuti kuwazindikira kumafuna dokotala wa mitsempha ndi makina ounikira ubongo a MRI, amene ndi ochepa. M'Malawi makina oyamba otere adafika pa chipatala cha Queen Elizabeth mumzinda wa Blantyre m'chaka cha 2008. Ana athu amene akugwira ntchito yosamalira odwala ku Britain, kumene odwala MS ndi oposa 100,000, amakumana nawo matendawa pa ntchito yawo. Koma inu awerengi, mukamva dzanzi kapena kufooka kwa miyendo, musathamangire kunena kuti ndi MS. Kwathu kuno zizindikiro zotere zimadza kawirikawiri chifukwa cha sitiroko, matenda a shuga, chifuwa chachikulu cha mu msana, kachilombo ka HIV kapena mankhwala ena. Wodziwa kusiyanitsa ndi wachipatala.

Phunziro la nkhaniyi ndilo lathu tonse. Ngati madokotala okhala ndi makina onse aona kuti ola limodzi la kuchipatala silikwanira, ndiye kuti zimene amaona wosamalira wodwala kunyumba ndi mankhwala ofunika. M'midzi mwathu muli agogo amene adachita sitiroko, abambo amene miyendo ikufooka, ndi ana olumala. Amene amagona nawo nyumba imodzi ali ndi maso ndi makutu, ndipo amadziwa chifukwa chimene kachipangizo sikangadziwe. Chimene chimasowa ndi kulemba.

Choncho tikukupemphani kuti mupeze kope laling'ono ndi pensulo. Sankhani mtunda umodzi umene wodwala amayenda kawirikawiri, monga kuchokera pakhonde kufika pankhokwe kapena pamjigo. Kamodzi pa sabata, tsiku lomwelo ndi nthawi yomweyo, lembani ngati wafika, wapuma kangati panjira, ndiponso ngati wagwira ndodo kapena phewa la munthu. Lembani tsiku lililonse limene wagwa ndi chimene ankachita. Lembaninso zina zimene zidachitika sabatayo, monga malungo, maliro kapena kutha kwa mankhwala. Chitani zimenezi pamodzi ndi wodwalayo ndi mwa chilolezo chake, pakuti thupi ndi lake. Ngati m'nyumba mulibe wodziwa kulemba, mwana wa sukulu kapena mlangizi wa zaumoyo angakuthandizeni. Pa tsiku la kuchipatala, tengani kopelo pamodzi ndi buku la kuchipatala, ndipo dokotala akafunsa, musangoti "Ali bwinoko." Nenani kuti, "Mwezi wa Juni ankafika pamjigo osapuma, koma tsopano akupuma kawiri, ndipo agwa katatu."

Koma pali zizindikiro zimene sizidikira kope. Munthu akafooka mwadzidzidzi mbali imodzi ya thupi, kamwa ikapotoka, akalephera kulankhula, diso likachita mdima, kapena miyendo yonse ikafooka ndi kulephera kukodza, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Mutu umodzi susenza denga. Dokotala amadziwa matenda, wachibale amaona za tsiku ndi tsiku, kachipangizo kapena kope limasunga zimene mutu ungaiwale, ndipo wodwala yekha ndiye amadziwa pamene pakupweteka. Onsewa akamverana, wodwala amathandizidwa nthawi isadathe. Yambani kulemba sabata ino.